Kodi digiri yoyamba ya saikoloje indilola kuona odwala ku Mental?

Funso lachokera kwa mtsikana wa ku Matawale, kuno ku Zomba: "Ndalemba MSCE ndipo ndakhoza bwino. Mtima wanga uli pothandiza anthu ovutika maganizo, makamaka ndi nkhani zodzipha zomwe tikumva masiku ano. Ndikufuna kukachita clinical psychology kapena counselling psychology ku Chanco. Kodi ndikamaliza zaka zinayi ndidzayamba kuona odwala ku Mental? Ziwirizi zikusiyana pati, ndipo ndikonzekere bwanji? Amalume akuti ndikungotaya nthawi, ntchito zake kulibe."

Achemwali, tiyambire pomwe pamakhumudwitsa ambiri, kuti mukhumudwiretu lero kusiyana n'kudzakhumudwa mutavala kale gauni. Digiri yoyamba ya saikoloje, kaya mwaitengera ku Chanco komweko, kaya ku Cape Town, kaya ku London, siimusandutsa munthu clinical psychologist. Dzina limenelo limabwera munthu akamaliza digiri yachiwiri, kawirikawiri ya Masters, yomwe mkati mwake amakhala miyezi yambiri akuona odwala pamaso pa katswiri womuyang'anira, kenako n'kulembetsa ku bungwe loona za ogwira ntchito zachipatala. Kwathu kuno bungwe limenelo ndi Medical Council of Malawi. Tiwerengetse: zaka zinayi za digiri yoyamba, chaka chimodzi kapena ziwiri mukugwira ntchito uku mukusaka malo ndi ndalama za sukulu, ndiye zaka ziwiri kapena zitatu za Masters pamodzi ndi intanishipu. Zaka 7 zikayenda bwino, 9 zikavutirapo.

Ndiponso mudziwiretu kuti psychologist salemba mankhwala. Mukalowa pa Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chomwe chinatsegulidwa mu 1953, amene mungawapeze akuona odwala tsiku ndi tsiku, kulemba mankhwala monga chlorpromazine kapena haloperidol, kubaya jakisoni wa fluphenazine wa pamwezi uja, ndi anamwino ndi ma clinical officer omwe anaphunzira za matenda a maganizo, pamodzi ndi madokotala ochepa otchedwa psychiatrist. Psychiatrist ndi dokotala weniweni: amachita digiri ya udokotala (MBBS) ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), intanishipu, kenako zaka zinayi za digiri ya ukatswiri (MMed). Ngati chithunzi chomwe chili m'mutu mwanu ndi cha munthu wovala yunifomu akuzungulira m'mawodi, khomo lake ndi la unamwino kapena la clinical medicine, ndipo Saint John of God College of Health Sciences ku Mzuzu imaphunzitsa anthu oterewa za matenda a maganizo, kuphatikizapo dipuloma ya psychosocial counselling. Ntchito ya psychologist ndi ina: kupima kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, kumvetsa chomwe chikukoleza vuto lake, ndi kumuthandiza kudzera m'kukambirana kotsata ndondomeko.

Kusiyana kwa clinical ndi counselling si kwakukulu monga mayina akumvekera. Wa clinical amaphunzitsidwa kwambiri za matenda aakulu, monga schizophrenia, bipolar, kukhumudwa kofika poti munthu sakudzuka pamphasa, ndipo nthawi yake yambiri amathera kuchipatala. Wa counselling amakhala kwambiri ndi anthu omwe moyo wawapanikiza koma akuyendabe: maliro, banja losokonekera, ngongole, kulephera sukulu, kulandira zotsatira za magazi. Njira zothandizira zambiri n'zofanana. Pa digiri yoyamba zonsezi mudzazipeza ngati makosi chabe, ina ya abnormal psychology, ina ya counselling, ndiye musadzivutitse kusankha pakati pa ziwirizi panopa.

Za kulowa kwake n'zachidule. Ku mayunivesite a boma amasankhira ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo poyambira ndi makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Mpikisano weniweni uli pa mapointi. Chanco ija kuyambira 2021 ndiyo University of Malawi payokha. Kwa zaka zambiri saikoloje kumeneko yakhala ikuyendera mu digiri ya Social Science, pomwe chaka choyamba munthu amatenga maphunziro angapo monga sociology ndi economics asanatsamire kumodzi. Mayina a mapulogalamu amasinthasintha, choncho werengani chikalata cha NCHE cha chaka chomwe mukufunsiracho mzere ndi mzere, makamaka pomwe alemba za kirediti ya masamu. Ngati mukuyang'ananso makoleji omwe si aboma, funsani ngati pulogalamu yeniyeniyo, osati sukulu yokha, inavomerezedwa ndi NCHE. Digiri yosavomerezedwa imadzakukanitsani pakhomo la Masters. Za fizi, loni imafunsidwa ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira.

Tsopano za m'kalasi. Ophunzira ambiri amabwera akuganiza kuti adzaphunzira kuwerenga maganizo a anthu, ndipo semesita yoyamba imawadabwitsa. Muli mbiri ya Pavlov ndi agalu ake, Skinner, Piaget ndi makulidwe a nzeru za mwana, Freud yemwe aliyense amamutchula koma ochepa amagwiritsa ntchito njira zake masiku ano. Muli ubongo ndi mitsempha, momwe uthenga umadumphira kuchoka pa neuron ina kupita pa inzake, ntchito ya dopamine ndi serotonin. Amene anaikonda bayoloje ya Fomu 4 amapuma bwino apa. Kenako pamabwera statistics ndi research methods, ndipo apa ndi pomwe anthu amagwa, ena mpaka kuwidedwa. Walira mvula walira matope: amene anathawira ku saikoloje pothawa masamu amawapeza akumudikira chaka chachiwiri.

Makosi awiriwa musawaone ngati chilango. Ndiwo amene osankha anthu a Masters amayamba kuyang'ana pa transikiripiti, ndipo ndiwo amene amapezetsa ntchito yoyamba. Masamu ake si ovuta kuposa a MSCE. Chovuta ndi kaganizidwe kake. Muyenera kufika pomvetsa chifukwa chake mean ndi median zimasiyana pamene munthu mmodzi m'gululo ali ndi chiwerengero chachikulu kwambiri, kusiyana kwa njira zoyesera manambala monga t-test ndi chi-square ndi nthawi yogwiritsa ntchito iliyonse, komanso chifukwa chake zinthu ziwiri kuyendera limodzi sikutanthauza kuti china chikuyambitsa chinzake. Achinyamata osuta chamba akapezeka ambiri pakati pa odwala misala, funso limakhalapobe: chamba ndicho chinayambitsa, kapena ena anayamba kusuta matenda atayamba kale kuwasowetsa tulo, kapena pali chachitatu chomwe chikukoka zonse ziwiri? Chomwe chimagwetsa ambiri n'kuloweza mafomula usiku wa mayeso. Njira yake ndi kugwira manambala ndi manja sabata iliyonse: kulowetsa mayankho a anthu 30 mu Excel, kuwerengetsa pamanja kamodzi, kenako kubwereza mu SPSS kapena R, mapulogalamu a pakompyuta a statistics, n'kuona ngati zikugwirizana. R ndi yaulere, ndipo laputopu yakale imaikwanitsa.

Chachiwiri chofunika kukhalitsapo ndi chiyankhulo. Mabuku onse ali m'Chingerezi, mayeso m'Chingerezi, DSM-5 ndi ICD-11 zomwe zimandandalika matenda zili m'Chingerezi, koma mayi amene adzakhale kutsogolo kwanu pa Matawale Health Centre sadzanena kuti ali ndi depression. Adzati, "Mutu ukundiwawa, mtima ukuthamanga, usiku sindigona, ndikungoganiza kwambiri." Mwina wabwera katatu, wayezedwa malungo katatu osapezeka, wabwerera ndi panado. Mawu akuti "maganizo", "nkhawa", "kudandaula", "kukhumudwa", "mtima sukukhazikika" sagwera ndendende m'mabokosi a m'buku, ndipo ku Zomba kuno mudzakumananso ndi agogo omasuka m'Chiyao kapena m'Chilhomwe. Khalani ndi kope lapadera kuyambira chaka choyamba. Mawu alionse atsopano a m'kalasi, lembani momwe mungawafotokozere agogo anu osaponyamo Chingerezi. Mukalephera, ndiye kuti mfundoyo simunaimvetse.

Zida zina zopimira nkhawa ndi kukhumudwa zinamasuliridwa kale m'Chichewa n'kuyesedwa kuno. SRQ-20 ya WHO ili ndi mafunso 20 oyankha eya kapena ayi, okhudza masiku 30 apitawo. PHQ-9 ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo, lililonse mapointi 0 mpaka 3, onse pamodzi 27. Kawirikawiri kuyambira 10 kupita m'mwamba munthu amafunika kuunikidwa mozama. Koma gwirani ichi: PHQ-9 ndi sefa, si chigamulo. Mayi woyembekezera, kapena munthu amene magazi ndi ochepa, akhoza kukwera mapointi pa kutopa, kusadya ndi kusagona popanda kukhala ndi matenda a kukhumudwa. Ndipo funso la nambala 9, lofunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, limaima palokha. Wina akhoza kupeza mapointi 6 okha koma n'kuvomera funso limenelo, ndipo ameneyo simumulola kutuluka musanakambirane naye bwinobwino. Kwa ana, pali MDAT, chida chomwe chinapangidwa ku Malawi konkuno choonera makulidwe a mwana pa kuyenda, kugwira zinthu, kuyankhula ndi kucheza. Chinapangidwa chifukwa zida zakunja zimamulakwira mwana wa kumudzi: mukamuonetsa chithunzi cha chinthu chomwe sanachionepo n'kulephera kuchitchula, mwapima komwe anakulira, simunapime nzeru zake. Vuto lomweli lili pa mayeso a nzeru monga WISC ndi WAIS, omwenso wa digiri yoyamba saloledwa kuwagwiritsa ntchito payekha.

Mawu akuti "uphungu" nawonso amasocheretsa. Kwathu phungu ndi munthu wouza mnzake chochita, monga ankhoswe, anankungwi kapena abusa. Uphungu wa m'kalasi muno mbali yake yaikulu ndi kumvetsera. Tayerekezani mnyamata wa chaka chachiwiri wanena kuti, "Ndalephera makosi awiri, kunyumba anagulitsa mbuzi kuti ndibwere kuno, bola kungofa." Wophunzira wosazolowera amathamangira kuti, "Ayi, musatero, limbani mtima, Mulungu alipo, ena akuvutika kuposa inu." Mawu abwino, koma atseka chitseko, mnyamatayo angoti "zikomo" n'kunyamuka ndi katundu wake yense. Wophunzitsidwa amabweza kaye zomwe wamva: "Zikumveka kuti chikukulemerani kwambiri ndi mbuzi zija, kuti mukawayang'ana bwanji kunyumba." Amadikira, ngakhale patakhala chete wautali. Kenako amafunsa mosazungulira: "Mwanena kuti bola kufa. Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?" Akavomera, amafunsa ngati waganizira njira, ngati chinthucho ali nacho pafupi, ngati anayesapo kale, ngati akumwa mowa, ndiponso amene akugona naye chipinda chimodzi. Anthu amaopa kuti kufunsa chonchi kumamupatsa munthu maganizo omwe analibe. Sizili choncho, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Ngati pali njira yokonzedwa ndipo chida chili pafupi, monga mankhwala a mbewu omwe amangokhala pawindo m'nyumba zambiri, munthuyo sasiyidwa yekha, chinthucho chimachotsedwa, wachibale amene iye wamusankha amaitanidwa, ndipo amaperekezedwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Luso limeneli silibwera powerenga. Pezani anzanu awiri, muzikumana kamodzi pa sabata: mmodzi wofotokoza vuto lopeka, wina womvetsera, wachitatu wosunga nthawi ndi kulemba. Mphindi 10 aliyense. Wachitatuyo awerenge kangati womvetsera wadula mnzake pakamwa, kangati wapereka malangizo asanafunsidwe, kangati wafunsa funso loyankhidwa ndi eya kapena ayi. Mukajambula mawu pafoni n'kudzimvera, mudzadabwa kuchuluka kwa zomwe mumayankhula. Mavuto ake akhale opeka ndithu, osati anuanu enieni, chifukwa anzanuwo si aphungu anu.

Pali cholakwika china choopsa chomwe ophunzira a chaka chachitatu amachita akangomaliza abnormal psychology: kuona matenda a maganizo paliponse, n'kuyamba kutchula mayina a matenda pa abale ndi anzawo. Kuipa kwake si manyazi okha. Munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakudziwa komwe ali, thupi likutentha kapena khosi lauma, ameneyo si wa uphungu. Akhoza kukhala ndi malungo a muubongo, meningitis, shuga wotsika, kapena ndi chidakwa chomwe chasiya mowa mwadzidzidzi masiku awiri kapena atatu apitawo. Malo ake ndi Zomba Central Hospital, msangamsanga. Khunyu nalonso ndi matenda a ubongo ofuna mankhwala, ngakhale kuti kuno odwala ake ambiri amathandizidwa kumbali ya matenda a maganizo. Ndipo banja likati wodwala analodzedwa, kukangana nalo sikupindula. Ambiri amafika kuchipatala atadzera kale kwa asing'anga kapena kumapemphero. Chomwe mumakambirana nawo n'choti mankhwala asasiyidwe ndipo wodwala asamangidwe ndi zingwe kapena kusalitsidwa kudya.

Mwayi wanu ndi woti mukukhala mu Zomba. Bungwe la YONECO, lomwe limayendetsa nambala yaulere ya ana ya 116, likulu lake lili konkuno. Pali ofesi ya Social Welfare ya boma, Victim Support Unit ya apolisi, ndende yaikulu ya Zomba, makiliniki a ma ARV, ndi Mental yomweyo. Pa holide yaitali, pemphani kalata ku dipatimenti yanu yokapempha atachimenti. Malo otere salandira munthu wongobwera yekha, ndipo akuchita bwino. Mukalandiridwa, funso loyamba likhale lakuti, "Adzandiyang'anira ndani, ndipo tizikumana liti?" Malo omwe akupatsani chipinda ndi mzere wa anthu tsiku loyamba popanda wokuyang'anirani akuika pachiswe inu ndi anthuwo. Ntchito yoyenera wophunzira ndi kuonerera wodwala atavomera, kuthandiza pa magulu, kuphunzitsa za umoyo wa maganizo, kulemba malipoti. Sungani buku la maola: tsiku, malo, mtundu wa ntchito, maola angati, siginecha ya wokuyang'anirani. Dzina la wodwala lisalowemo, ngakhale mudzi wake. Buku limeneli lidzakuyankhulirani pofunsira Masters.

Chinsinsi m'tauni yaing'ono ngati ino n'chovuta kuposa momwe mabuku amanenera. Munthu amene munamuona Lachiwiri mudzakumana naye pa Mpondabwino Loweruka akugula usipa ali ndi apongozi ake. Kwathu kusapereka moni ndi mwano, koma moni wanu ukhoza kubala funso lakuti "mumadziwana bwanji?" Choncho mumagwirizana naye pa tsiku loyamba: "Tikakumana kunja sindiyamba kukupatsani moni, osati chifukwa chonyada, mukayamba inu ndidzayankha." Pa tsiku lomwelo mumamuuzanso malire a chinsinsi, kuti moyo wake kapena wa wina ukakhala pangozi, kapena mwana akamachitiridwa nkhanza, mudzayenera kuuza ena. Wachibale, mnzanu wa kukwaya, kapena wogona naye hositelo imodzi ku Chikanda simumutenga kukhala kasitomala wanu. Mumamulozera kwa wina. Ndipo nkhani za odwala sizikambidwa pa gulu la WhatsApp la kalasi, ngakhale mutabisa dzina. Zomba ndi yochepa, anthu amalumikiza okha.

Chaka chachinayi kuli kafukufuku wanuwanu. Apa ambiri amalakwitsa posankha mutu waukulu, monga kufunsa odwala ogonekedwa ku Mental. Anthu amenewo ndi otetezedwa mwapadera, chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi cha chipatala chimatenga nthawi, ndipo semesita imatha mukudikira kalata. Funso laling'ono loyankhika bwino limaposa lalikulu losamalizika: kugona ndi nkhawa pakati pa ophunzira nthawi ya mayeso, kapena momwe osamalira odwala kunyumba amafotokozera kutopa kwawo. Fomu yopempha chilolezo cha oyankha ikhale m'Chichewa chomveka. Mukamasulira mafunso, wina amasulire kupita m'Chichewa, wina amene sanaone oyambawo abwezere m'Chingerezi, kenako muyerekeze ndi kuyesa pa anthu ochepa. Ndipo ngati mukufunsa za kukhumudwa, konzeranitu komwe mudzatumize munthu amene wavomera funso la nambala 9 lija.

Za Masters: akatswiri ambiri a clinical psychology a kuno anakaphunzira kunja. Pulofesa Chiwoza Bandawe wa ku KUHeS, yemwe ambiri amamudziwa polemba ndi kuyankhula za umoyo wa maganizo, anachita maphunziro ake apamwamba ku University of Cape Town. Ku South Africa amafuna digiri ya Honours kapena yofanana nayo, amatenga anthu ochepa kwambiri pachaka pa yunivesite iliyonse, amaitana ku mafunso a pamasom'pamaso, ndipo digiri yakunja imayamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe lawo loona za masatifiketi. Makerere ku Uganda ndi University of Nairobi ku Kenya nazonso zili ndi Masters ya clinical psychology. Kulikonseko amafuna zinthu zofanana: magiredi abwino makamaka pa research methods, umboni wa maola omwe munagwira moyang'aniridwa, ndi makalata a aphunzitsi awiri kapena atatu okudziwani bwino. Mphunzitsi sangalembe kalata yamphamvu ya munthu amene ankangokhala kumbuyo kwa kalasi zaka zinayi. Dziperekeni kuthandiza pa kafukufuku wa aphunzitsi anu kuyambira chaka chachiwiri, ngakhale kulowetsa manambala mu kompyuta kwaulere.

Amalume asanyozedwe, akunena zoona pang'ono. Mipando yolembedwa kuti "psychologist" m'boma ndi yochepa, ndipo wa digiri yoyamba sangaikhale. Koma omaliza digiriyi amalowa m'mabungwe oteteza ana ndi amayi, m'mapulojekiti a HIV, m'ntchito zothandiza anthu pa ngozi monga zinalili ndi namondwe wa Freddy mu 2023, m'maofesi oona za antchito, ndi m'kafukufuku. Centre for Social Research ndi National Statistical Office zonse zili mu Zomba momuno, ndipo kumeneko statistics ija ndiyo imagula ufa. Palinso njira zomwe zinakonzedwa dala kuti anthu omwe si akatswiri azitha kuzipereka ataphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa, monga Problem Management Plus ya WHO, ya magawo 5, ndi Friendship Bench yomwe Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ndi agogo aakazi okhala pa benchi panja pa kiliniki. Mapulogalamu otere amafuna anthu omvetsa chiphunzitso chake, otha kusunga manambala ndi kulemba lipoti, ndipo womaliza saikoloje amakwanira bwino pamenepo.

Chimodzi chokha muwauze amalume kuti asakukakamizeni: masatifiketi a uphungu a masabata awiri omwe amalengezedwa pa Facebook, ena olonjeza kuti mukamaliza mutsegula ofesi yanu. Ngati owonjezera pa zomwe muli nazo alibe vuto, koma salowa m'malo mwa dipuloma kapena digiri, ndipo ku Medical Council sakakulembetsani nawo. Pa fomu ya NCHE pali malo a zisankho zingapo. Ngati bayoloje, masamu ndi sayansi zinatuluka bwino, ikanipo unamwino kapena clinical medicine pambali pa saikoloje, chifukwa namwino atagwira ntchito zaka zingapo amatha kukawonjezera maphunziro a matenda a maganizo n'kudzafika pa Mental pomwepo kudzera khomo lina.